Anamapopa: mphekesera imene inayamba foni kulibe

Nkhani yoti kuli anthu oyenda usiku kumapopa anzawo magazi ndi yakale kuposa foni iliyonse imene ili m'thumba la munthu pamsika wa Nsaru. Katswiri wa mbiri yakale Luise White anailondola m'buku lake la mu 2000, Speaking with Vampires. Iye anapeza kuti m'nthawi ya atsamunda anthu a ku Northern Rhodesia ankaopa banyama, pomwe a ku Kenya ndi Tanganyika ankaopa wazimamoto. Mfundo yake inali yoti mphekesera zotere zimaulula mantha enieni a anthu olamulidwa ndi boma limene silikuwafotokozera kanthu.

Kuno kwathu zinafika poipa pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu ambiri anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. Nyuzipepala ndi wailesi ya MBC zinali m'manja mwa boma, ndipo boma silinkalongosola zomveka. Anthu anadzipezera okha yankho. Ankanong'onezana kuti magaziwo akupita ku South Africa kukabweza ngongole, poti dzikolo ndilo linabwereketsa ndalama zomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Ngongoleyo inalipodi, za magazizo zinali zabodza. Bodza lolimba limamera chonchi, pambali pa chinthu choona. Khoti linapeza Walla Laini Kawisa wolakwa pa kuphako, ndipo nduna Gomile Kumtumanji anamangidwa naferamo m'ndende.

Mphekeserayi inadzukanso kumapeto kwa 2002, m'chaka cha njala, anthu akuti boma likusinthanitsa magazi ndi chimanga cha thandizo. Mu Januwale 2003 gulu la anthu linagenda Eric Chiwaya, gavanala wa UDF mumzinda wa Blantyre. Mu 2017 inabukanso ku Mulanje ndi Phalombe, anthu osachepera 9 anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Pofika 2020 inali italowa m'chigawo chapakati, ku Kasungu komanso ku Dowa ndi Mchinji. Mabanja ankagona panja m'magulu, anyamata akutchinga misewu usiku ndi zibonga, ndipo mlendo aliyense wonyamula chikwama ankafunsidwa mafunso oopsa.

Chimene chinasintha pakati pa Chilobwe ndi 2020 ndi liwiro basi. Kale mphekesera inkayenda ndi munthu, kuchoka pamaliro kupita kuchigayo. Lero mnyamata wa kabaza amene wasiya foni yake patchaja ku Kabudula amaipeza italandira uthenga wa mawu pa WhatsApp. Wolankhulayo satchula dzina lake, amangoti "izi zachitika usiku wathawu, tumizirani abale anu." Satchulanso mudzi, choncho aliyense womva amaganiza kuti ndi mudzi woyandikana nawo. Mnyamatayo amakweza mawu a foni, anthu khumi amamvera limodzi, ndipo ambiri mwa iwo alibe foni ya intaneti. Kuchokera pamenepo nkhaniyo imayendanso pakamwa ngati kale.

Akatswiri a kunja ayesa kuyeza zimenezi. Mu 2018 Soroush Vosoughi, Deb Roy ndi Sinan Aral a ku yunivesite ya MIT anafalitsa kafukufuku wa nkhani pafupifupi 126,000 za pa Twitter. Anapeza kuti nkhani yoona inkatenga nthawi yochuluka kasanu ndi kamodzi kuti ifike kwa anthu 1,500 poyerekeza ndi yabodza, ndipo ofalitsa kwambiri anali anthu enieni, osati makina. Ena aphunzitsa makompyuta kuzindikira mitu ya nkhani yonyengerera, ija yoti "simukhulupirira zimene wachita m'busayu", imene cholinga chake n'choti mudine kuti mwini tsamba apeze ndalama za otsatsa malonda. Bungwe la Africa Check linayamba kutsimikiza nkhani ku Johannesburg mu 2012, ndipo mu 2019 WhatsApp inaletsa kutumiza uthenga umodzi kumalo oposa asanu nthawi imodzi.

Ntchito imeneyi ndi yabwino, koma yambiri inachitidwa pa nkhani zolembedwa, m'Chingerezi, zoikidwa poyera. Uthenga wa mawu wa m'Chichewa, woyenda m'gulu lotsekedwa la mpingo kapena la kalabu ya fodya, makinawo saumva. N'chifukwa chake ndinadandaula pamene zinamveka kumayambiriro kwa 2025 kuti bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni la MACRA likufuna kugula makina olondolera nkhani zabodza kukampani ya ku Ghana pamtengo wa madola pafupifupi 1.5 miliyoni. Omenyera ufulu anaopa kuti makinawo adzagwiritsidwa ntchito posaka otsutsa boma. Ine nkhawa yanga inali inanso: ndalama zotere zikanathandiza kwambiri zikanapita kwa alangizi a zaumoyo, mafumu ndi mawailesi a m'madera, amene amaimva mphekesera tsiku lomwelo ndipo angathe kuiyankha m'chinenero chomwecho.

Mtengo wa kuchedwa kuyankha tinauona. Mu Meyi 2021 unduna wa zaumoyo unawotcha katemera wa Covid-19 wokwana 19,610 pachipatala cha Kamuzu Central atatha mphamvu. Mbali ina anafika mochedwa, koma anthu ambiri ankamuthawanso atamva kuti amatseka mimba kapena kuti ndi chizindikiro cha 666. Za magazi n'zoopsa kuposa apa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira opereka magazi mwaufulu, makamaka ana asukulu. Kholo limene lamva za anamapopa silingalole mwana wake kutambasula mkono, komatu mayi wotaya magazi pobereka kuchipatala cha St Gabriel ku Namitete amadikira magazi omwewo.