Mbiri ya Duwa la Rozi ndi Anthu Amene Analikwatitsa

Munthu woyenda m'miseu ya ku Chipata, kapena m'midzi ya anchito a ku migodi, kawirikawiri aona duwa la rozi pakhomo pa nyumba, pa sukulu ndi pa bwalo la chalichi. Ambiri aganiza kuti duwali linalengedwa monga momwe liri lero. Koma si tero ai. Pafupifupi mtundu uli wonse wa rozi wa m'munda unayamba ngati kambande kamodzi, ndipo panali munthu amene anakaona, nakasankha pakati pa mbande zina zambiri, nakasunga. Mbiri ya rozi ndiyo mbiri ya anthu otere.

Rozi si mbadwa ya dziko la Zambia. Kumwera kwa cipululu ca Sahara rozi wa m'chire amera yekha m'mapiri a ku Ethiopia ndi maiko oyandikana nao basi. Ku Ulaya kunali maluwa a rozi a pfungo labwino kuyambira kale lomwe, koma ambiri a iwo anali kucita maluwa kamodzi kokha pa caka. Ku China alimi anali ndi mitundu yao yocita maluwa kawirikawiri, miyezi yambiri. Ca m'ma 1792 ndi 1793 zombo za malonda zinafikitsa ina ya mitundu imeneyi ku Mangalande, ndipo alimi a ku Ulaya anayamba kulakalaka duwa lokhala ndi ubwino wa mbali zonse ziwiri.

Ukwati wina wochuka wa mitundu iwiriyi unacitika pafupi ndi Africa, pa cisumbu ca Bourbon, cimene lero cichedwa Réunion, kum'mawa kwa Madagascar. Alimi a kumeneko anali kubzala rozi wa ku China ndi wa mtundu wa Damask pamodzi m'mipanda ya minda yao. Njuci ndi tizirombo tina tinanyamula mungu kucokera pa duwa lina kunka pa linzace, ndipo m'mpandamo munamera mwana wosafanana ndi makolo ace. Ca m'ma 1817 Bréon, woyang'anira munda wa Boma pa cisumbuco, anamzindikira, natumiza mbeu zace ku France. Kucokera m'mbeu zimenezo munaturuka pfuko lonse la maluwa ochedwa Bourbon. Patapita zaka 50, m'caka ca 1867, mlimi wa ku Lyon dzina lace Guillot anaturutsa duwa lochedwa La France, limene ambiri aliyesa kholo la maluwa akuruakuru a rozi a masiku ano.

Kufikira nthawi imeneyo alimi ambiri anali kungofesa mbeu zimene njuci zinakwatitsa, nayembekeza mwai. Amene anasintha mkhalidwe umenewu ndiye Henry Bennett wa ku Stapleford, ku Mangalande, munthu woweta ng'ombe. Iye anadziwa cinthu cimene Mngoni ali yense wa khola acidziwa, cakuti wofuna thole labwino asankha nkhunzi ndi ng'ombe yaikazi yomwe. Cotero anayamba kukwatitsa maluwa ndi dzanja lace, nalemba maina a atate ndi amai a mbande iri yonse. M'caka ca 1879 anaturutsa mitundu 10 ya makolo odziwika, ndipo alimi ena anatsata njira yace.

Nchitoyi sinali ya amalonda okha. Joseph Pemberton anali mbusa wa mpingo wa Anglican ku Essex, ndipo anali kulima rozi cifukwa ca cikondi cabe. Atakalamba anayamba kukwatitsa maluwa m'munda wa kwao, ndipo mu 1913 anaturutsa mitundu iwiri, Danaë ndi Moonlight. Iye anamwalira mu 1926, koma maluwa ace akali kulimidwa m'maiko ambiri.

Duwa lochuka koposa onse linabadwa pa nthawi ya mabvuto. Mu 1935 mnyamata wa ku France, Francis Meilland, anakwatitsa maluwa m'munda wa atate wace, ndipo mbande imodzi anaipatsa nambala 3-35-40. Pamene nkhondo ya Hitler inali kuyandikira, anatumiza nthambi zace kwa abwenzi a ku maiko ena, kuti mtunduwo ungatayike. Ku Amereka unakula bwino, ndipo pa 29 April 1945, mzinda wa Berlin uli pafupi kugwa, unapatsidwa dzina lakuti Peace, ndiko kuti Mtendere. Pa msonkhano wa ku San Francisco umene unakhazikitsa United Nations caka comweco, atsogoleri a nthumwi za maiko anapatsidwa duwali. Masiku amenewo asilikali a Northern Rhodesia Regiment anali asanabwerere kwao kucokera ku nkhondo ya ku Burma.

Ku Chipata rozi anafika pambuyo pa mfuti. M'mwezi wa January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo mwana wace Nsingo anaphedwa. Mu 1899 Robert Codrington anaika likulu la North-Eastern Rhodesia pa Fort Jameson, ndipo linakhala pomwepo kufikira 1911. Amishoni a Dutch Reformed anamanga pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, ndipo alimi a fodya anadza pambuyo pao. Azungu amenewa anali kukonda kubzala maluwa a kwao pakhomo, ndipo malo okwera ngati amenewa, a mphepo yozizira m'miyezi ya June ndi July, ayanjana ndi rozi. Koma manja amene anali kukumba maenje, kuthira manyowa ndi kudulira nthambi anali a Acewa, Angoni ndi Ansenga. Ena a iwo anagwira nchito yomweyo m'mayadi a ku Nkana, Salisbury ndi Johannesburg. Anaphunzira kuoka nthambi ndi kumezanitsa, koma nthambi ibala duwa lofanana ndi mai wace pafupifupi nthawi zonse. Mtundu watsopano kawirikawiri ucokera m'mbeu, ndipo luso limenelo linatsala kutsidya kwa nyanja.

Komatu luso lenilenilo si lobisika. Wokwatitsa asankha duwa limene liri pafupi kutseguka, nacotsa masamba ace onse, nadula timitu tacikasu tonyamula mungu, kuti duwalo lisadzikwatire lokha. Alibvundikira ndi kathumba ka pepala, njuci zingamtsogolere. M'mawa mwace atenga mungu wa duwa lina ndi kaburashi kapena cala, naupaka pa kamutu ka pakati, namanga kapepala ka maina a makolo. Ukwati ukagwira, pansi pa duwa patupa cipatso cimene cipsa patapita miyezi ngati inai, nicisanduka cofiira. Mbeu za m'katimo ziri ndi khalidwe la ku maiko a cisanu: sizimera msanga zisanazizidwe. Cifukwa cace munthu wa ku Chipata ayenera kuziika mu mcenga wonyowa m'firiji miyezi ngati iwiri, osati m'cipinda ca madzi oundana, asanazifese pa nazale. Mbande za mitundu yocita maluwa kawirikawiri zionetsa duwa loyamba zikali zazing'ono, patangopita miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono.

Pamenepo ndipo pafika nchito yowawa mtima, ndiyo kuzula. Mbande zambiri zikhala zofoka, zogwidwa ndi matenda a mawanga akuda, kapena za maluwa osakongola. Makampani akuru afesa mbeu zikwi zambiri caka ciri conse, nasunga zowerengeka, ndipo papita zaka 8 kapena 10 mtundu watsopano usanafike pa msika. Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Anthu a ku Chipata safunika kupita kutari kuti aone phindu la nchito yotere. Pafupi ndi mzindawo pali Msekera, malo a Boma ofufuzira za ulimi, amene adziwika ndi nchito ya nshawa. Njira yokwatitsira nshawa ifanana ndi ya rozi: madzulo acotsa timitu ta mungu m'duwa losatseguka, ndipo m'mamawa apakapo mungu wa mtundu wina. Alimi a ku Eastern Province anali kudalira Chalimbana, nshawa ya maso akuru. Ca m'ma 1990 kunaturutsidwa MGV 4, nshawa yofiira yobereka kwambiri, imene ku Malawi ichedwa CG 7. Akatswiri a bungwe la ICRISAT, amene anayamba nchito ya nshawa pa Chitedze mu 1982, anagwirizana ndi a ku Zambia pa nchitoyo. Mu 1995 matenda a kadukutu, ofalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba, anagwira mahekitala ngati 43,000 a nshawa kum'mawa kwa Zambia. Yankho linacokera ku kukwatitsa komweko: mtundu wopirira ku matendawa unapatsidwa dzina loyenera, lakuti Chishango.

Rozi nayenso anasanduka malonda. Kuyambira zaka za m'ma 1980 mafamu ozungulira Lusaka anayamba kulima maluwa m'nyumba za pulasitiki ndi kuwatumiza pa ndege ku misika ya ku Holland. Nthaka, madzi ndi thukuta zinali za Zambia, koma mitundu ya maluwawo inali ya makampani a ku Ulaya onga Kordes ndi Tantau a ku Germany ndi Meilland wa ku France, ndipo mlimi anali kulipira mwini mtundu. Mu 2007 Zambia inakhazikitsa lamulo lace loteteza anthu oturutsa mitundu yatsopano ya zomera, kuti nawonso adye za luso lao.

Maluwa ambiri a rozi anasankhidwa m'maiko a cisanu, ndipo duwa lopirira dzuwa la October ndi cinyontho ca dzinja la kum'mawa kwa Zambia lingasankhidwe bwino ndi munthu wokhala komweko. Bennett anali woweta ng'ombe, Pemberton anali mbusa. Zida zao zinali kampeni, kaburashi, pensulo ndi buku lolembamo maina a makolo, ndipo zonsezi zipezeka m'masitolo a ku Chipata.