Tsabola wakale wina amawawabe

Akuluakulu amati tsabola wakale sawawa. Mwambiwu ndaumva ukuponyedwa pa nkhani ya magemu akale a pakanema, aja a zithunzi za timabokosi ndi nyimbo zolira ngati nkhululu: Pac-Man, Tetris, Super Mario Bros. ndi anzawo. Oponyawo amati munthu wamkulu akamabwerera ku magemu amenewa sikuti akufuna gemuyo ayi, akufuna ubwana wake umene unapita kalekale. Mawuwa ali ndi choona chake, n'chifukwa chake ine umboni wa ife amene tinakula nawo sindiuwerengera kwenikweni. Munthu sanyoza nsima ya amake. Funso limene ndimaliona loyenera ndi lakuti: kodi gemu yakaleyo ingamugwire mwana amene alibe nayo chikumbukiro chilichonse? Kuti tiyankhe bwino, tiyambe taona mmene magemuwa anabadwira.

Ambiri mwa iwo sanabadwire m'nyumba koma m'malo omwera ndi odyera. M'chaka cha 1972 kampani ya Atari inaika makina a gemu ya Pong m'bala ina ku Sunnyvale, m'chigawo cha California ku America. Gemuyo inali timizere tiwiri tomenyerana kadontho, basi. Posakhalitsa mwini balayo anadandaula kuti makina afa. Allan Alcorn, amene anawapanga, atapita kukaona anapeza kuti sanafe, koma motayira ndalama zachitsulo munali mutadzaza mpaka kutsekeka. Nkhani imeneyi ikutiuza chinthu chimene okonda zakale sakonda kumva. Makina amenewa anali malonda. Ankafunika kukukopa msanga, kenako kukupha msanga kuti uponyenso khobidi lina. Choncho mukamva wina akunyadira kuti magemu akale anali ovuta kuposa a lero, dziwani kuti kuvuta kwina kunali nzeru, koma kwina kunali njala ya mwini makina.

Nzeruyo inalipo ndithu, ndipo kawirikawiri inkachokera ku kusowa. Tomohiro Nishikado wa kampani ya Taito ku Japan, popanga Space Invaders imene inatuluka mu 1978, anali ndi makina ofooka kwambiri. Zilombo 55 zikadzaza pakanema, makinawo ankalemedwa nazo ndipo zinkayenda pang'onopang'ono. Ukamaziwombera n'kumachepa, katundu ankapepuka ndipo zotsalazo zinkayamba kuthamanga. Iye sanachotse chilema chimenechi. Anachisiya, ndipo ndicho chinakhala mtima wa gemuyo: pamene ukuyandikira kupambana m'pamene zinthu zikukuipira, mpaka chilombo chotsirizacho chimaliwa liwiro la mtondo wadooka.

Pac-Man, ya Toru Iwatani wa ku Namco, inabwera mu 1980. Iwatani ankafuna gemu yosakhala ya nkhondo, imene akazi nawonso angaikonde, ndipo anasankha nkhani ya kudya. Munthu woonera patali amangoona mizukwa inayi ikuthamangitsa kamutu kachikasu m'tinjira tokhotakhota. Koma mzukwa uliwonse uli ndi khalidwe lake. Wofiira umakutsata pambuyo penipeni. Wapinki sulondola pamene uli, umalunjika patsogolo pako kuti ukakutsekereze. Wa mtundu wa lalanje umabwera molimba mtima, koma ukayandikira umabwerera kungodya yake ngati galu wamantha. Ukazindikira zimenezi, gemu imasanduka ina: suthawanso chisawawa, umayamba kunyenga mizukwayo monga mlenje amene wadziwa njira za nyama. Ndipo gemuyo ili ndi malire amene mwini wake sanawakonze. Chowerengera magawo chake chimalekezera pa 255, kotero ukafika gawo la 256 theka la kanema limadzaza zilembo zosokonekera ndipo ulendo umathera pomwepo.

Tisanamizane kuti zonse za nthawi imeneyo zinali golide. Pofika 1982 msika wa ku America unali utadzaza magemu opangidwa mothamanga. Chitsanzo chodziwika ndi E.T. ya Atari, imene Howard Scott Warshaw anapatsidwa milungu isanu ndi masiku ochepa kuti aimalize isanafike Khirisimasi. Ogula anakhumudwa, masitolo anabweza katundu, ndipo mu 1983 msika wonse unagwa. Chaka chomwecho Atari inakwirira milu ya makaseti a magemu kudzala la zinyalala ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico. Kwa zaka zambiri ena ankaiyesa nthano chabe, mpaka mu April 2014 anthu atakumba n'kuwapezadi. Magemu akale amene timawatchula lero ndi ochepa amene anapulumuka pa sefa. Madeya ake anali ochuluka, ndipo sindingalimbikitse munthu kutaya madzulo ake pa iwo, pokhapokha ngati akufufuza mbiri.

Amene anadzutsanso msikawo ndi a Nintendo, ndi makina awo a Famicom amene anatuluka ku Japan mu 1983 n'kufika ku America mu 1985 ndi dzina lakuti NES. Super Mario Bros. ya Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, ya mu 1985, yonse imakwana m'makilobaiti 40. Chithunzi chimodzi chimene mumajambula ndi foni yanu chimaposa pamenepo maulendo makumimakumi. Malo anali osowa mwakuti mitambo ya kumwamba ndi zitsamba za pansi ndi chojambula chimodzimodzi, anangosintha mtundu. Koma taonani gawo loyamba. Palibe mawu okuuza chochita. Mario waima kumanzere, kumanja kuli mpata, ndiye umayenda. Kachilombo kakubwera, ukakagunda wafa, ndiye umaphunzira kudumpha. Bowa ukutuluka m'bokosi, ukugunda paipi n'kubwerera kwa iwe pamalo povuta kuuzemba, ndipo ukakukhudza umakula m'malo mofa. M'mphindi imodzi waphunzira malamulo popanda wokulalikira. Magemu ambiri a lero amayamba ndi kukuwerengetsa malangizo. Apa wopanga anaphunzitsa monga mmene mmisiri amaphunzitsira mwana, pomupatsa sompho m'manja.

Kuno kwathu magemuwa anafika mochedwa ndiponso podzera njira za m'mbali. Ku Malawi wailesi ya kanema ya dziko inayamba mu 1999, pamene gemu ya Super Mario Bros. inali kale ndi zaka pafupifupi 14. Zimene ambiri a ife m'chigawo chino tinagwira sizinali za Nintendo zenizeni, koma makina otsanzira otchipa amene tinkangowatcha TV game, a makaseti olembedwa kuti muli magemu mazanamazana pamene munali ochepa obwerezedwabwerezedwa. Kunalinso kachipangizo ka mabatire kotchedwa Brick Game, kamene njerwa zake zakugwa zinali Tetris yosintha dzina. Kenako kunabwera njoka ya pa Nokia: Snake inayamba kuikidwa m'mafoni a kampaniyo mu 1997, ndipo foni ya 3310 ya mu 2000 inaifikitsa m'manja mwa anthu amene sanakhalepo ndi kanema m'nyumba. Ife sitinkadziwa kuti tikusewera zakale. Tinkaziona zatsopano, ndipo zinatigwira. Umenewu ndi umboni pang'ono, ngakhale wina anganene kuti wanjala sasankha ndiwo.

Umboni wolimba uli pa Tetris, ndipo apa ndikhalitsapo. Alexey Pajitnov anaipanga pakati pa zaka za m'ma 1980 ku Moscow, pa kompyuta ya Elektronika 60 imene sinkatha n'komwe kujambula zithunzi, moti njerwazo anazipanga ndi zizindikiro za zilembo. Popeza anali wantchito wa boma la Soviet Union, sanalandire phindu la gemu yake mpaka mu 1996. Malamulo ake mwana amawamva m'mphindi imodzi: pali mitundu isanu ndi iwiri ya njerwa, iliyonse ya timabokosi tinayi, zikugwa kuchokera pamwamba, uzitembenuze ndi kuziyala kuti mzere udzaze n'kufufutika. Zimene wachita bwino zimachoka pamaso pako, zolakwa zako zokha n'zimene zimatsala n'kumaunjikana.

Tetris ya pa NES, ya mu 1989, ili ndi mpikisano wa dziko lonse umene unayamba mu 2010. Zaka zoyambazo unali wa akuluakulu okula nayo, ndipo Jonas Neubauer anapambana kasanu ndi kawiri. Onse ankadziwa kuti gawo la 29 ndiye khoma: pamenepo njerwa zimagwa mofulumira mwakuti ukangopanikiza batani, njerwayo siifika m'mbali nthawi isanathe. Mu 2018 mnyamata wa zaka 16, Joseph Saelee, wobadwa gemuyo ili kale ndi zaka zoposa khumi, anagonjetsa Neubauer. Iye sankapanikiza batani, ankaligogoda monjenjemeretsa chala koposa kakhumi pa sekondi imodzi. Posakhalitsa achinyamata ena anatulukira njira ina yodabwitsa: chala chimodzi chimangokhala pabatani, ndipo zala za dzanja linalo zimaomba kunsi kwa chogwiriracho motsatizana ngati woimba ng'oma, kuti batanilo lizidzigunda lokha pachalacho. Khoma la 29 linagwa. Anayamba kufika m'magawo amene opanga gemuyo sanaganizepo kuti munthu angawaone, mmene mitundu ya njerwa imasokonekera, zina n'kuda mpaka kuvuta kuziona.

Pa 21 December 2023, Willis Gibson wa ku Oklahoma, wa zaka 13, anafika gawo la 157 ndipo gemuyo inangouma, makina atalephera kuwerengera. Kwa zaka 34 Tetris ndiyo inkagonjetsa munthu aliyense. Tsiku limenelo inatopa ndi iyo. Mwana ameneyu analibe ubwana wa mu 1989 woti aukumbukire. Anali ndi magemu onse a lero pafupi, koma anasankha njerwa zakugwa.

Ine ndikaona zimenezi ndimakumbuka bawo. Palibe amene amafunsa ngati bawo ndi yakale kwambiri kuti n'kuiseweranso. Maenje ake ndi 32 lero monga analili kwa agogo athu, koma palibe masewero awiri ofanana, chifukwa kukoma kwake kuli m'malamulo ndi m'mutu mwa wosewera, osati m'kukongola kwa thabwa. Gemu ya pakanema imene inatsamira pa kudabwitsa maso imakalamba msanga, pakuti makina a chaka chamawa adzadabwitsa koposa. Imene inatsamira pa lamulo labwino imakhala ngati bawo. Sindikunena kuti za lero n'zachabe. Zilipo zofotokoza nkhani zazitali zogwira mtima, zilipo zokumanitsa anthu a m'mayiko osiyana, zimene makina a mu 1985 sakanatha. Koma zambiri za pafoni zabwerera ku khalidwe la makina a m'bala aja, ndipo zaposa: zimakuimitsa pakati kuti uonere malonda kapena ugule moyo wina, kwinaku bandulo ikutha. Kaseti ya Mario ukaigula inali yako yonse, ndipo sinkakupemphanso kanthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kufananako kuli ndi polekezera. Bawo ikasowa thabwa, ana amakumba maenje pansi n'kutola timiyala. Gemu ya pakanema singakumbidwe pansi. Imafuna makina ake, ndipo makinawo akufa, makaseti akuchita dzimbiri. Nyumba yosungira zaluso ya Museum of Modern Art ku New York inayamba kusonkhanitsa magemu mu 2012, ndipo Pac-Man ndi Tetris anali m'gulu loyamba. Amenewo ndi otchuka, sadzasowa. Koma kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti mwa magemu 100 alionse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, okwana 87 sakugulitsidwanso paliponse movomerezeka. Ambiri mwa amenewo akusungidwa ndi anthu wamba amene amawakopera n'kumawayendetsa pa mapulogalamu otsanzira makina akale, ntchito imene eni ake a magemuwo kawirikawiri amaitcha kuba. Ndipo ma TV game athu aja, amene anali otsanzira kuyambira pachiyambi, ambiri anathera kudzala chogwirira chikangothyoka chingwe.