Mbiri ya Wokongola ku Chiradzulu: Kuchokera ku Makalabu a Alimi Kufika ku Kaundula wa Ngongole

Funso lakuti munthu wofuna ngongole angakhulupiriridwe bwanji ndi lakale m'boma la Chiradzulu, kumene anthu ndi othithikana, minda ndi yaing'ono, ndipo malo ambiri ndi a makolo, oyenda motsata mbumba, kotero kuti mlimi sangawapereke ku banki ngati chikole. Popeza chikole chinali chosowa, chimene chinkaimira munthu chinali mbiri yake, ndipo mbiriyo inkasungidwa m'mitu ya anthu monga mwini golosale pa Mbulumbuzi kapena pa Namitambo, nyakwawa, ngakhalenso wa katapila, amene amakongoza ndalama kwa nthawi yochepa pa chiwongoladzanja chachikulu.

Mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, boma linatenga kudziwana kwa anthu a m'mudzi umodziku n'kukusandutsa lamulo. Ngongole ya feteleza ndi mbewu inkadzera m'makalabu a alimi, amene kuyambira mu 1988 ankayang'aniridwa ndi bungwe la SACA, ndipo membala mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa ngongole chaka chotsatira. Alimi ankabweza ndithu, komatu makalabu ankapewa kulandira osaukitsitsa, ndipo mantha olandidwa katundu ndiwo ankathandizira kubwezako. Chilala cha 1992 pamodzi ndi kusintha kwa ndale kumene kunatsatira zinagwetsa dongosololi, moti mu 1994 ntchito ya SACA inatengedwa ndi Malawi Rural Finance Company.

Osiyidwa ndi makalabu aja ndiwo anali cholinga cha Malawi Mudzi Fund, thumba limene linayamba kukongoza anthu mu 1990 ndipo linayesedwa koyamba m'maboma awiri okha, Chiradzulu ndi Mangochi. Thumbali linatengera Grameen Bank ya ku Bangladesh, imene anayambitsa Muhammad Yunus: anthu asanu odziwana ankapanga gulu, ankasunga kangachepe, kenako ankakongola mpamba wa geni popanda chikole, aliyense ali mboni ya mnzake. Amuna ambiri atalephera kubweza, thumbali linatembenukira kwa amayi, amene anaonetsa kuti umphawi sulepheretsa munthu kusunga pangano, koma pambuyo pake nalonso linalowetsedwa mu Malawi Rural Finance Company.

Mbiri ya wokongola inayamba kulembedwa pamalo amodzi Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa Credit Reference Bureau Act mu 2010, lamulo limene linakonzedwanso mu 2016 pofuna kuti mabanki azipereka zambiri za makasitomala awo ku makampani osunga kaundula wa ngongole, amene ndi Credit Data CRB ndi TransUnion, onse ovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi. Ziphaso za unzika za 2017 zinathandiza kuti dzina limodzi lisamasokonezeke ndi lina. Kaundula wotere amasiyanitsa ngongole yobweza m'magawo, monga ya pamalipiro imene mphunzitsi amadulidwa mwezi ndi mwezi mpaka itatha, ndi ngongole yozungulira, monga ya khadi la ngongole, imene munthu amapatsidwa malire n'kumatapa ndi kubweza mobwerezabwereza. Ku America, kumene malikisi a FICO, oyezera kukhulupirika kwa wokongola, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1989 ndipo amayambira pa 300 kufika pa 850, munthu wotapa kufika pafupi ndi malire a khadi lake amatsitsa malikisi ake ngakhale atamabweza pa nthawi yake.

Makadi ambiri amene ali m'matumba a anthu a ku Chiradzulu ndi otapira ndalama zawozawo, choncho sauza wokongoza chilichonse za kabwezedwe ka mwini wake. Ngongole imene amayi ambiri amaidziwa ndi ya banki m'khonde, gulu limene limasonkha ndalama, kukongozana ndi kugawana phindu pakutha pa chaka, koma kabwezedwe kake kamathera m'kope la mlembi wa gulu. Mayi amene wabweza mokhulupirika kwa zaka zambiri amafika ku banki ngati mlendo wopanda mbiri, ndipo kaundula amene sawerenga kukhulupirika koteroko akulakwira anthu omwewo amene anayamba kuonetsa, m'boma lomweli, kuti osauka amabweza ngongole.