Ruh, Maganizo ndi Ubongo: Kodi Nzosiyana?

Kodi chimene chimaganiza mwa munthu ndi ubongo wokha, kapena pali china chosiyana ndi thupi? Anthu ozama pa nzeru akhala akutsutsana pa funsoli kwa zaka mazana ambiri.

Onena kuti nzosiyana

Ibn Sina, yemwe adamwalira mu 1037, adapereka fanizo la munthu wolengedwa mwadzidzidzi ali wamkulu kale, ali lende m'malere, osaona, osamva, ziwalo zake zosakhudzana. Munthuyu sangadziwe kuti ali ndi thupi, komabe adzadziwa kuti iye alipo. Choncho, adatero Ibn Sina, nafsi si thupi. Mu 1641 René Descartes wa ku France adafika pa mfundo yofanana: munthu angakayikire zoti ali ndi thupi, koma sangakayikire zoti akuganiza.

Otsutsa

Mu 1643 Elisabeth wa ku Bohemia adafunsa Descartes m'kalata kuti chinthu chosagwirika chingasunthe bwanji mkono wa mnofu ndi mafupa. Ena amaloza ubongo. Mu 1848 ku Vermont, America, chitsulo chidaboola mutu wa Phineas Gage. Iye adapulumuka, koma dokotala wake adalemba kuti khalidwe lake lidasintha. Sitiroko, malungo a mu ubongo ndi chamba nazonso zimasintha kaganizidwe ka munthu.

Chisilamu chikuti chiyani?

Ruh ilipo ndipo siitha thupi likafa, koma Surat Al-Isra ayah 85 ikutiphunzitsa kuti nkhani ya ruh ili m'manja mwa Allah ndipo ife tidapatsidwa kudziwa kochepa. Thupi nalo silopepuka. Imam Al-Ghazali, yemwe adamwalira mu 1111, m'buku la Tahafut al-Falasifa adadzudzula afilosofi okana kuti matupi adzaukitsidwa pa tsiku la Qiyama. M'moyo uno nzeru zimagwira ntchito kudzera mu ubongo, ndipo ubongo umadwala monga chiwalo china chilichonse.

Phunziro ku mabanja

Agogo akayamba kuiwala maina a adzukulu kapena kusochera usiku, si umboni wa ufiti kapena majini. Awerengereni dua ndipo apititseni kuchipatala. Ku Lilongwe kuli Kamuzu Central, ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo. Amene nzeru zamuchokera Shariah siimuwerengera tchimo pa zimene akuchita, koma ulemu wake ngwosachotseka. Allah ndiye Wodziwa koposa.