Kachisi

Kalekale, mabelu a ku Mua ndi ku Bembeke asanamveke m'mapiri a Dedza, kachisi anali kanyumba ka mitengo ndi udzu, komangidwa kunja kwa mudzi, kumene akuluakulu, mvula ikakanika ndipo chimanga chikayamba kufota, ankathira nsembe ya ufa ndi mowa, akuwomba m'manja mwaulemu, kuti mizimu ya makolo iwapembedzere kwa Chauta.

Pamene a William Murray ndi anzawo ankamasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922, anatenga mawu omwewa akuti kachisi natchula nawo nyumba ya mikungudza ndi golide imene inamangidwa ku Yerusalemu. Dzina la wansembe linagwera Aroni ndi ana ake. Ndipo mu 1998 omasulira Buku Loyera analemba Chauta pamene anzawo aja analemba Yehova.

Alipo amene, poona zimenezi, amati Chikhristu chinangobwereka za chipembedzo cha makolo, monga amanenanso za tsiku la Khirisimasi ndi maphwando a Aroma akale. Kuti mawu anabwerekedwa, sitingakane, pakuti mlendo, ngakhale adze ndi kalumo kakuthwa, madzi ometera amatunga pachitsime cha eni mudzi. Koma m'kachisi wa makolo munthu ndiye ankapereka nsembe, pamene Akhristu amalalikira kuti Mulungu anapereka Mwana wake. Kwa ine, kubwerekako ndi umboni wakuti makolo athu ankamufunafuna Mulungu moona mtima, ndipo sayenera kutchedwa akunja.