Ulendo wa Tiyi Kufikira Kwathu

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, lero tikambirane za cakumwa cimene tonse ticidziwa. Mlendo akafika pa mudzi ku Chiparamba, mai wa pakhomopo amateleka madzi, ndipo posacedwa tiyi amabwera pamodzi ndi mbatata yophika kapena zitumbuwa. Pa maliro, anthu amene acezera usiku wonse amamwa tiyi m'mamawa. Nkhani za minda ndi za maukwati zimakambidwanso kapu iri m'manja. Komatu tiyi salimidwa m'dera la Chipata, pakuti cirimwe ca kuno ncacitali, pamene mbeu imeneyi imafuna mvula yambiri ndi cinyontho ca miyezi yocuruka. Nanga tiyiyu anatipeza bwanji?

Kwao kwa tiyi ndi ku China. Anthu a m'mbali mwa nyanja ku cigawo ca Fujian amamucha "te", ndipo amalonda a ku Holland anapita nalo dzinali ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600. Ife tinalimva kwa Angerezi nkulisandutsa "tiyi". Anzathu olankhula Ciswahili amati "chai", dzina limene linacokeranso ku China koma linadzera njira yina.

M'dziko la Nyasaland, limene tsopano ndi Malawi, a misyoni ya Blantyre anayesa kubzala tiyi m'caka ca 1878, koma sanakule. Atayesanso, zitsamba zowerengeka zinapulumuka. M'caka ca 1891 mzungu wina, Henry Brown, amene analimapo khofi ku Ceylon, anabzala tiyi m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Kucokera kumeneko minda inafalikira ku Thyolo. Ulimiwu unakula kwambiri citapita caka ca 1933, pamene maiko a India, Ceylon ndi Dutch East Indies anapangana kucepetsa tiyi wogulitsa kunja, mtengo wake nukwera.

Tsono funso lalikulu ndi ili: anali kugwira nchitoyo ndani? Ambiri anali Alomwe ocokera ku Mozambique pamodzi ndi anthu amene malo a makolo awo anatengedwa ndi eni minda. Munthu wokhala pa malo a mzungu anali kukakamizidwa kumgwirira nchito m'malo mwa lendi, makamaka nthawi ya dzinja, pamene munda wake womwe unali kufuna khasu. Cimeneci cinachedwa thangata. Taonani m'mene mauwa anapotozedwera! Pa cikhalidwe cathu kuthangata ndiko kuthandizana mwaufulu, monga pa dima, pamene anansi amalimira mnzawo, namwa thobwa pamodzi nchito itatha. Pa minda ya azungu mau okomawo anasanduka dzina la goli. Anthu a ku Thyolo anauka ndi mkwiyo m'caka ca 1953, ndipo thangata anathetsedwa ndi lamulo la 1962.

Dziko la Zambia litalandira ufulu m'caka ca 1964, linafuna kulima tiyi wakewake. Malo amene anasankhidwa ndi Kawambwa, m'cigawo ca Luapula kumene mvula imagwa yambiri, ndipo fakitale ya kumeneko inatsegulidwa m'caka ca 1976.

Kuthyola tiyi kumafuna maso ndi cipiriro. Wothyola amabudula nsonga ndi masamba awiri anthete okha, naponya m'dengu la kumsana. Pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a masamba awisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Ku fakitale masambawo amawafotetsa, kuwaphwanya, kuwasiya kuti asanduke ofiirira, kenaka nkuwaumitsa pa moto.

Cotero, ana inu, mukamapereka kapu kwa mlendo ndi manja awiri, kumbukirani manja ena amene anathyola masambawo. Aphunzitsi, tumani ana kuti akafunse agogo awo: anayamba liti kumwa tiyi, anali kumgula kuti, ndipo alendo anali kulandiridwa ndi ciani tiyi asanafike? Mayankho awo alembedwe m'kope, pakuti imeneyonso ndi mbiri ya mudzi wanu.