Tanthauzo ndi kagwiritsidwe ntchito ka liwu la "injure"

Liwu la Chingerezi lakuti "injure" ndi mneni amene amapezeka kawirikawiri m'malipoti a apolisi, a zipatala ndi a ngozi za pantchito. M'Chichewa limatanthauza kuvulaza, kapena kuti kupweteka thupi la munthu kapena la chiweto.

Gwero lake ndi liwu la Chilatini lakuti "injuria", lomwe linkatanthauza kuchitira munthu zosemphana ndi chilungamo. Tanthauzo lakaleli likadalipo m'makhoti, momwe "injured party" ndi munthu wolakwiridwa, ngakhale pathupi pake palibe bala.

Pomasulira pafunika kusamala. Chiganizo chakuti "he was injured in an accident" chimamasuliridwa kuti "anavulala pangozi". Kulemba kuti "anavulazidwa" kumasonyeza kuti pali wina amene anachita zimenezo, ndipo lipoti lotero lingaloze munthu chala mlandu usanazengedwe. Mawu akuti "fatally injured" nawo amasokoneza ambiri: satanthauza kuvulala modetsa nkhawa, koma kuti wovulalayo anamwalira ndi mabalawo.

Pali aneni ena ofanana nalo, koma aliyense ali ndi malo ake. "Wound" amanena za bala lobwera ndi chida monga mpeni kapena mfuti, n'chifukwa chake amatchulidwa kwambiri pokamba za asilikali kunkhondo. "Hurt" ndi liwu la tsiku ndi tsiku, ndipo limakhudza ululu wa m'thupi ndi wa mumtima womwe. "Damage" amanena makamaka za kuwonongeka kwa katundu monga galimoto, nyumba kapena mlatho. Choncho pangozi ya basi, okweramo ndiwo ali "injured" pamene basiyo ili "damaged".

Kusiyanaku kuli ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Malamulo a milandu ya upandu m'dziko muno amasiyanitsa "grievous harm", komwe ndi kuvulaza koopsa, ndi "unlawful wounding", ndipo zilango zake n'zosiyana. Nalo lamulo la chipukuta misozi cha anthu apantchito, la Workers' Compensation Act la 2000, limagwiritsa ntchito dzina lakuti "injury" ponena za kuvulala kochitika munthu ali pantchito yake.

Motero wolemba lipoti ayenera kutchula amene wavulala, chiwalo chimene chavulala ndi chimene chamuvulaza, popeza chigamulo cha khoti kapena malipiro a wovulalayo zingatsamire pa mawu amenewo.